Kwa Ana Anga Ojambula Nyimbo ku Riverside

Ana anga, inu amene mukujambula nyimbo ku Riverside, m'nyumba zalendi za ophunzira zozungulira Copperbelt University ndi m'makota a kuseri kwa nyumba za m'mbali mwa Jambo Drive, mukakumana nane funso lanu limakhala lomwelomwelo: "Madala, tiike mapulagini ati kuti woimba wathu azimveka ngati akunja?" Ndikuyankhani, ndipo mayina ndiwatchula, pakuti mkulu wongonena kuti "mverani ndi makutu" osakulozerani chida sanakuthandizeni. Koma funsolo likonzeni kaye. Musafune kuti woimba wanu amveke ngati wa ku Lagos kapena ku Atlanta. Funani kuti mayi amene wakwera minibasi m'tauni kupita ku Chimwemwe, injini ikulira, kondakitala akuitanira, amve mawu onse amene woimbayo watchula, ndiponso amuzindikire kuti uyu ndi uje asanauzidwe dzina. Pulagini imene siikuthandiza zimenezi, ichotsenipo, ngakhale munaipeza movutikira.

Ntchito zofunika pa liwu la woimba n'zowerengeka. Pali EQ yosema liwu, kompuresa yolilinganiza, de-esser yofewetsa kuswa kwa "s", chida chowongolera manoti, ndiye reverb ndi delay zolipatsa malo. Zonsezi zilimo kale mu FL Studio, mu Cubase, mu Reaper, mu chilichonse chimene munaika pa laputopu yanu. Zina mazanamazana zimene mumapatsana pa fulashi ndi ntchito zomwezi zitavala nkhope zina. Mnyamata wodziwa bwino Fruity Parametric EQ 2 yokha adzamikisa bwino kuposa mnzake amene ali ndi ma EQ makumi awiri koma sadziwa kuti liwu la munthu limalemera pati, limabaya pati.

Musanatsegule pulagini iliyonse, yang'anani chipinda chimene mwaimikamo woimba. Zipinda zathu zambiri n'zazing'ono, makoma a simenti osalala, pansi matailosi kapena simenti yopolisha, pamwamba malata. Liwu likatuluka m'kamwa limagunda khoma n'kubwerera m'maikolofoni nthawi yomweyo, ndipo limene mwajambula limamveka lotsekeredwa. Ukaika kompuresa pa liwu lotere, chipindacho ndiye chimakwera. Pachikani mabulangeti olemera kumbuyo kwa woimba ndi m'mbali, imikani matiresi pakona, musamuike pakati penipeni pa chipinda kapena moyang'ana khoma pafupi. Mathireyi a mazira amene mumamata m'makoma sachita kanthu kwenikweni, ndi opyapyala. Pakati pa mlomo ndi maikolofoni pakhale masentimita 15 kapena 20, ndipo pakatipo pakhale kansalu kotchinga mpweya wa "p" ndi "ph". Jambulani pa 24-bit, ndipo pamene woimba wakweza kwambiri mita isapitirire cha pa -10 dB. Liwu limene lagunda pofiira n'kusweka lasweka basi. Mvula ya Disembala ikayamba kumenya malata, imani, phikani tiyi, mudikire ikate. Mukamva kulira kwapansipansi kosalekeza m'mahedifoni, kawirikawiri ndi magetsi athu a 50 Hz akulowera pa chaja ya laputopu kapena pa inveta. Ambiri munakudziwa kulira kumeneku mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene aliyense anali pa jenereta ndi mabatire. Zulani chaja, jambulani ndi batire ya laputopu, mumve ngati kwasiya. iZotope RX imatha kuchepetsa phokoso lotere, koma mukaikakamiza imasiya liwu likumveka lonyowa, lopanda mphamvu. Kujambulanso n'kwa mphindi zochepa, pamene kupulumutsa chojambulidwa moipa kumadya usiku wonse.

Pa EQ yambani ndi kuchotsa. Pansi pa 80 Hz liwu la munthu lilibe chake, kuli kugunda kwa phazi pa sitandi ndi magalimoto a mumsewu, dulani. Kwa woimba wamkazi mutha kukwerako mpaka 100 kapena 120. Pakati pa 200 ndi 400 m'pamene chipinda chaching'ono chimaunjika matope. Cha pa 800 mpaka 1,000 pamamveka za m'mphuno. Pakati pa 3,000 ndi 5,000 m'pamene mawu amamvekera bwino, komanso m'pamene maikolofoni otsika mtengo amabayira khutu. Kupitirira 10,000 ndi kampweya kowala kamene mumakakonda kaja. Manambalawa ndi ongokulozerani kolowera, pakuti liwu lililonse lili ndi pake. Kwezani kabandi kopapatiza, kayendetseni pang'onopang'ono, pamene pakunyansa imani, mutsitse ma dB awiri kapena atatu. Mukapezeka kuti mukudula ma dB khumi, vuto lili pa kajambulidwe.

Apa mvetsetsani, chifukwa mavidiyo a pa YouTube sangakuuzeni. Ma preset amene amabwera ndi mapulagini anakonzedwa pa mawu a anthu ena, oimba zinenero zina, m'zipinda zina. Chinyanja ndi Chibemba n'zodzaza ndi m, n, ny, ng', mb, nd, nkh, ndipo kwathu "m" amatha kuima payekha koyambirira kwa mawu, monga pa "mtima" kapena "mpingo". Mphamvu ya zilembo zimenezi ili pansi, cha pa 250 mpaka 300 Hz, pamalo omwewo amene aphunzitsi a pa intaneti amati dulani mopanda chisoni. Mukakumba dzenje lalikulu pamenepo, liwu liwala ndithu, koma "m" uja asowa, ndipo womvera azidzimalizira yekha mawu m'mutu. N'chifukwa chake ndimakonda EQ yodula pokhapokha vuto likaonekera, n'kusiya liwu mmene liliri nthawi zina zonse. TDR Nova ya Tokyo Dawn imachita zimenezi ndipo ndi yaulere. FabFilter Pro-Q ya ku Amsterdam imachitanso, ndi yokoma kuigwira, koma ndi ya ndalama zambiri, ndipo womvera sangasiyanitse kuti munagwiritsa iti.

Palinso nkhani ya biti. Oimba ambiri amabwera ndi biti ya mp3 pa foni, yophwanyidwa kale ndi limiter, yodzaza mpaka m'milomo. Mukaikapo liwu, limangoyandama pamwamba osalowa. Musalimbane nayo pokweza liwu. Tsitsani bitiyo ndi ma dB 6, kenaka muichepetseko pang'ono cha pa 2,000 mpaka 4,000 Hz, makamaka panthawi imene woimba akuimba. Ngati wopanga bitiyo ali pafupi, mupempheni zidutswa zake padera, ng'oma pazokha, besi payokha. Kupempha sikuchotsa ulemu.

Kompuresa isanafale, wojambula ankakhala dzanja lili pa feda, akutsitsa woimba akakweza, akukweza akanong'ona. Ntchito ya chidachi ndi yomweyo, ndipo mukaiwala zimenezi mumayamba kuchiika chifukwa choti aliyense amaika. Yambani ndi dzanja lanu: pitani mzere ndi mzere, mawu amene amira muwakweze, amene alumpha muwatsitse, pa chojambulidwa chenichenicho. Ndi ntchito yotopetsa, ya theka la ola kapena kupitirira, koma mukaichita kompuresa imangomalizitsa. Zida ziwiri zimene mapulagini ambiri amatsanzira ndi 1176, imene Bill Putnam anatulutsa mu 1967, yothamanga kwambiri, ndi LA-2A ya Teletronix, yodekha, yokhala ndi makonono awiri okha. CLA-76 ndi CLA-2A za Waves zimatsanzira zomwezi. Akatswiri ambiri amaziika motsatana: yothamanga igwire nsonga zokha, yodekha isalaze zotsala, iliyonse ichotse ma dB atatu kapena anayi. Kompuresa imodzi yochotsa ma dB khumi imamveka kuti ikugwira ntchito, pamene ziwiri zogawana katundu sizimveka. Ratio ya 4:1 njokwanira pa nyimbo zambiri. Dziwaninso kuti pa 1176 makonono a attack ndi release amayenda chobwerera: nambala 7 ndiye yothamangitsitsa. Attack ikathamanga mopitirira imadya chiyambi cha mawu, "p", "t", "k", ndi kampweya kamene kamasiyanitsa "ph" ndi "p", "th" ndi "t", "kh" ndi "k". Rapa wa Kopala, dera lathu la migodili, amakhalira pa kumenya kwa zilembo zimenezi. Mukazifafaniza mwamulanda mphamvu, ngakhale mita ikuonetsa kuti wakwera.

Pa pulagini iliyonse, chizolowezi chimodzi chikupulumutsani ku kudzinyenga. Khutu limakonda chokwera. Mukayatsa pulagini liwu n'kukwerako pang'ono, mudzati yakometsa, pamene yangokweza. Linganizani mphamvu ya liwu ikhale yofanana pulagini ili yoyaka ndi yozima, tsinzinani, muyatse ndi kuzimitsa mpaka muiwale kuti ili pati. Mukalephera kusankha, siikufunika.

Kompuresa ndi kuwalitsa kwa EQ zimakweza "s", choncho de-esser imabwera pambuyo pake. Imagwira pakati pa 5,000 ndi 8,000 Hz. Kwathu zilembo zoswa n'zambiri, s, ts, tch, ps, dz, ndi "sh" wa Chibemba, ndipo zonse n'zonyamula tanthauzo. Mukaifinya kwambiri woimba amayamba kumveka ngati alibe mano akutsogolo. Ichotse ma dB atatu kapena anayi, ndipo "s" mmodzi kapena awiri amene akubayabe muwatsitse ndi dzanja.

Tsopano Auto-Tune, imene ndikudziwa kuti ndiyo mumafuna kumva. Anaipanga ndi Andy Hildebrand, katswiri amene poyamba ankagwira ntchito yowerenga mafunde a pansi pa nthaka pofufuza mafuta, ndipo kampani yake ya Antares inaitulutsa mu 1997. Cholinga chinali kuwongola noti yophonya mwakachetechete, womvera osadziwa. Mu 1998 ojambula nyimbo ya Cher yotchedwa Believe anaithamangitsa mpaka kumapeto, liwu n'kumadumpha kuchoka pa noti kupita pa ina, ndipo patapita zaka T-Pain anausandutsa mtundu wake wa kaimbidwe. Ine sindidana nako kulira kumeneko. Ndi chida choimbira monga gitala ya fuzz inaliri kwa a Jagari Chanda ndi anzawo a WITCH kuno ku Kitwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo akulu a nthawiyo nawonso ankati ndi phokoso. Woimba amene wasankha kulira kumeneko, naphunzira kuimba nako, mupatseni, ndipo akumve m'mahedifoni pamene akujambula kuti azisewera nako. Chimene chimandipweteka n'kuona chidachi chikuikidwa pa aliyense wolowa pakhomo, retune speed pa ziro, osamufunsa, chifukwa template ya situdiyo inakonzedwa choncho. Mapeto ake oimba khumi a m'dera limodzi amatuluka ndi liwu limodzi.

Mverani mmene anthu athu amaimbira. Mverani P.K. Chishala pa kalindula, mverani amayi a chigwirizano pa maliro, mverani wotsogolera kwaya ya Reformed Church in Zambia kapena ya UCZ. Sagwera pa noti kuchokera kumwamba. Amaikwerera kuchokera pansi, amaitsetserekera, amaigwedeza pothera, ndipo nthawi zina amakhazikika pakati pa makiyi awiri a kiyibodi, mwadala, chifukwa nyimboyo imakoma pamenepo. Kompyuta imaona zonsezi ngati zolakwa. Chinanso, zinenero zathu zimakwera ndi kutsika polankhula, ndipo kukwera ndi kutsikako n'kumene kumapatsa mawu tanthauzo ndi kukoma. Rapa akamalankhula pa biti amatsata kayendedwe kameneka. Mukamukhomera pa manoti asanu ndi awiri a sikelo, mawu amakhalapo koma akumveka achilendo m'kamwa mwa mwini wake.

Choncho chitani motere. Pezani kiyi ya nyimbo pa kiyibodi ndi makutu anu, musangokhulupirira dzina la fayilo, pakuti kiyi yolakwika imakokera woimba ku noti imene sanafune n'komwe. Chida chowongolera chikhale choyamba pamzere, liwu lisanapite ku kompuresa ndi reverb. Ngati mukufuna kuti chisamveke, retune speed ikhale yodekha, kuyambira cha pa 20 kupita m'mwamba. Pa nyimbo yofunika ulemu, ya mapemphero, ya chikondi, ya chisoni, siyani chowongolera chodziyendera, mutsegule Melodyne ya Celemony ya ku Munich, kapena NewTone ya FL Studio, kapena VariAudio ya Cubase, mugwire noti imodzi imodzi. Konzani zitatu zinayi zimene zikupweteka khutu, zotsalazo muzisiye, ndipo musawongole kutsetsereka kolowera mu noti. Pa kwaya yojambulidwa pamodzi musaike Auto-Tune n'komwe, chifukwa imatsata liwu limodzi, ikamva ambiri imasokonezeka. Ngakhale mutajambula oimbawo mmodzi mmodzi, musawawongole onse kufika pa noti yeniyeni. Kulemera kwa kwaya kumachokera pa kusiyana pang'ono kwa mawu a anthu. Mukawafananitsa onse, anthu makumi awiri amveka ngati atatu. Ndipo ngati mzere waphonyeka kwambiri, bwezani woimba pa maikolofoni. Muuzeni mwaulemu kuti, "Achemwali, tibwereze pamenepa, mutha kupaimba bwino kuposa apa." Mukamubisira, adzadziwira pa siteji, pamaso pa anthu amene alipira pakhomo, ndipo sadzakukhululukirani.

Za reverb, phunziro labwino koposa linachokera m'tauni yathu yomwe ino. Gulu la Amanaz linayambira ku Kitwe, ndi a Keith Kabwe ngati woimba, ndipo mu 1975 linatulutsa chimbale chake chimodzi chokha, Africa, chojambulidwa ku Malachite Film Studios ku Chingola, nyimbo zina m'Chingerezi, zina m'Chibemba. Chimbalechi chinatuluka m'mamikisi awiri. Ina ndi youma, mawu ndi ng'oma zili patsogolo. Inayo ndi yomizidwa mu reverb, mawu ndi ng'oma zabwerera kutali, magitala ndiwo akwera. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles itachitulutsanso inaika mamikisi onse awiri pamodzi. Kafufuzeni, mumvere nyimbo imodzi m'mitundu yonse iwiri motsatana. Oimba ndi omwewo, nyimbo ndi yomweyo, koma mu ina munthu akulankhula nanu pafupi, mu inayo mukumumvera patali. Alipo okonda yachiwiriyo, ndipo ili ndi kukoma kwake. Ine ndimasankha youma, chifukwa ndimafuna kumva chimene munthu akunena. Chachikulu n'choti muone kuti wokhala pa feda ndiye amasankha mtunda wa pakati pa woimba ndi womvera, ndipo asankhe akudziwa.

Reverb musaiike pa liwu penipenipo. Itumizeni pa tchanelo yake, kuti liwu louma likhale patsogolo. Ipatseni pre-delay ya ma millisecond 30 mpaka 60, mawu atuluke kaye mchira usanayambe. Pa reverb yomweyo dulani pansi pa 300 Hz ndi pamwamba pa 6,000 kapena 7,000. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o, u, motero mchira wa reverb umakhala wodzaza ndipo umakwirira chilembo choyamba cha mawu otsatira. Pa nyimbo yothamanga usapitirire sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka. Nthawi zambiri delay imagwira ntchitoyi mwaukhondo kuposa reverb. Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo: pa 100 BPM kugunda kumodzi ndi ma millisecond 600, theka lake 300. Ikani kompuresa pa delay, yomvera liwu la woimba, kuti izibisala akamaimba n'kutulukira akapuma. Fruity Reeverb 2 ndi Fruity Delay 3 n'zokwanira. Mukafuna zambiri, Valhalla Supermassive ndi yaulere, ndipo Valhalla VintageVerb ndi madola 50.

Saturation yochepa imathandiza liwu kumveka pa sipika ya foni, imene siitulutsa zapansi. Yochepa, ndanena. Mawu obwereza ndi oyankha agwirizane nthawi ndi liwu lotsogolera, makamaka pothera. Aduleni ndi dzanja, muwachepetsere "s" kwambiri kuposa wotsogolera, ndipo mukawamwaza kumanzere ndi kumanja mumverenso pa mono kuti sanasowe.

Ndinenepo za mapulagini othyoledwa, amene mumati makiraki. Ndikudziwa kuti ndalama ya wophunzira imathera pa lendi, ndiwo ndi mabandulo, ndipo mitengo ya zinthuzi ili m'madola pamene inu mumalandira makwacha. Sindikuweruzani. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mafayilo amenewa amabwera ndi mavairasi, amagwetsa pulojekiti woimba ali pa maikolofoni, ndipo tsiku limene laputopu yafa simutha kutsegulanso nyimbo za makasitomala pa kompyuta ina. Komanso ndinu nomwe mumadandaula nyimbo zanu zikamadzazidwa m'mafulashi m'misika popanda kulandira ngwee, ndinu nomwe mumafuna kuti ZAMCOPS ikutolerereni zanu. Amene analemba pulagini nayenso ndi wantchito. Masiku ano palibe chifukwa chobera: TDR Nova, Graillon ya Auburn Sounds ndi MAutoPitch ya MeldaProduction zowongolera manoti, Supermassive, Youlean Loudness Meter, zonsezi zili ndi mitundu yaulere yovomerezeka. Reaper ndi madola 60 kwa munthu wa situdiyo yaing'ono, ndipo imabwera ndi ReaEQ, ReaComp ndi ReaTune. FL Studio ukagula kamodzi, zatsopano zake umalandira moyo wonse. Pogula werengani bwino ngati mukugula kapena mukubwereka. Mu Malichi 2023 kampani ya Waves inalengeza kuti mapulagini ake azingopezeka polipira mwezi ndi mwezi, ndipo inabweza ganizolo patapita masiku ochepa anthu atakwiya. Ndalama yoyamba imene situdiyo yapeza ipite ku mahedifoni abwino, maikolofoni ndi nsalu za m'makoma. Pulagini yogula ibwere pambuyo, imodzi, imene mwaona kuti mukuisowadi.

Mikisi siimalizidwa pa masipika a situdiyo. Anthu anu amamvera pa foni, pa kasipika ka Bluetooth pa shopu ya ometa, m'minibasi, m'bala, ndipo nyimbo imawafika itadutsa pa WhatsApp. Dzitumizireni nyimboyo, mutuluke panja, muimvere pa foni pamene pali phokoso. Tsitsani voliyumu mpaka pansi: chotsala kumveka chikhale liwu la woimba ndi sineya. Itanani munthu amene sanamvepo nyimboyo, mlongo wanu kapena mlonda wa pageti, mumufunse kuti woimbayo wati chiyani pa vesi yachiwiri. Inu mawuwo munawaloweza, khutu lanu limawamva ngakhale asakumveka. Iyeyo akalephera kubwereza, bwererani pa mpando. Sungani nyimbo ziwiri zitatu zomikisidwa bwino za mtundu womwewo, muziike mu pulojekiti, muzitsitse zifanane ndi yanu, muzifananiza. Musaphe nyimbo ndi limiter pofuna kuposa anzanu: Spotify imalinganiza nyimbo cha pa -14 LUFS, choncho yophwanyidwa imangotsitsidwa n'kutsala yopanda mpweya, ndipo mawayilesi monga Flava FM, Radio Icengelo kapena Sun FM ya ku Ndola ali ndi makina awoawo ofinyanso mawu asanaulutsidwe.

Samalani makutu, ana anga. Tili m'dera la migodi, ndipo aliyense wa inu akudziwa mkulu wina wa ku Wusakile kapena ku Chamboli amene muyenera kumukuwira kuti amve. Muyezo umene amatsata m'malo ambiri a ntchito ndi ma decibel 85 kwa maola 8, ndipo phokoso likakwerako pang'ono nthawi yololedwa imatsika msangamsanga. Mahedifoni anu amapitirira pamenepo mosavuta. Khutu lotopa limayamba kutaya zapamwamba, ndiye mumawonjezera kuwala, m'mawa n'kupeza liwu likubaya. Mikisani motsitsa, moti mutha kucheza ndi mnzanu osakweza mawu. Pumani ola lililonse. Mukamva kulira m'makutu pogona, mwapitirira muyezo, ndipo kumva kukatayika sikubwerera.

Nyimbo ikatha, tulutsani liwu lililonse kawiri ngati WAV, lina louma lopanda pulagini iliyonse, lina ndi zonse zimene mwaikapo, onse kuyambira pa sekondi yoyamba ya nyimbo kuti adzagwirizane pa kompyuta iliyonse. Pa dzina la foda lembani woimba, mutu wa nyimbo, kiyi, BPM ndi tsiku. Mapulagini amasintha, ena amasiya kugwira ntchito pa makompyuta atsopano, ndipo pulojekiti ya lero mwina siidzatseguka patapita zaka zisanu, koma WAV idzatseguka. Sungani malo awiri, pa hadi diraivi ina yosakhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndiponso pa intaneti ngati bandulo ilola. Woimba akamaliza kulipira, mupatseni mafayilo a mawu ake oumawo pa fulashi yake, ndipo mulembe m'kabuku kuti watenga.